Nyenyezi za Akalipentala

Bambo anga si kalipentala ayi. Ngakhale msomali weniweniwu sadziwa kukhoma; akangogwira hamala, amayi amayamba kufunafuna bandeji. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira a pa yunivesite pamene tonse awiri timagwira ntchito, chifukwa cha kachitidwe kawo akakhala pa tebulo: amatsinzina diso lamanzere, kupendeketsa mutu, n'kumayang'ana pepala ndi lamanja lokha, ngati mmisiri amene akuona ngati thabwa lawongoka. Diso limenelo, lamanjalo, ndi limene linatidyetsa ndi kutiphunzitsa sukulu tonse m'nyumba mwathu. Ndi limenenso ndinalimbana nalo chaka chathachi kuti lisafe, eni ake akukana.

Ntchito yathu ndi ya nyenyezi. Anthu akamva choncho amafunsa kuti, "Ndiye inu mumagona masana ngati alonda?" Ayi ndithu, ife timalowa m'mawa n'kuweruka madzulo ngati wina aliyense. Makina oonera nyenyeziwo ali kutali, paphiri lina limene ine sindinapondepo n'kamodzi komwe. Anzathu a kumeneko amagwira kuwala kwa nyenyezi imodzi, kukumwaza ngati utawaleza, n'kutitumizira. Kwa ife kumafika ngati mzere wautali wokwera ndi kutsika. Chilichonse chimene chili m'nyenyezimo, kaya chitsulo, kaya kaboni, kaya naitirojeni, chimadya kuwala pamalo pakepake n'kusiya dzenje pamzerepo. Dzenje likakhala lakuya ndiye kuti chinthucho chilimo chambiri. Nkhani yonse ndi imeneyo basi. Zina zonsezo n'zongoopsezera ana a chaka choyamba.

Nyenyezi zimene ine ndi bambo timatsata timazitcha zosauka. Dzuwa lathuli n'lolemera, lili ndi chitsulo chochuluka, chifukwa linabadwa mochedwa, nyenyezi zambirimbiri zitaphulika kale n'kumwaza zimene zinaphika m'mimba mwawo. Zathuzi n'zamakedzana, zinabadwa kumwamba kulibe kanthu, ndipo chitsulo chake n'chongonunkhiza ngati mchere wa m'chakudya cha kuchipatala. Tsono mwa zosaukazo muli zina zachilendo: chitsulo zilibe, koma kaboni zili naye wochita kusefukira. Bambo amati nyenyezi yotere ili ngati munthu wopanda nsapato koma atavala majekete atatu. Moyo wawo wonse akhala akufunsa kuti majeketewo anawatenga kuti.

Vuto la nyenyezi zimenezi ndi ili. Kuti uyeze kuya kwa dzenje, uyenera kudziwa pamene kuwala kukanafika pakanapanda chokudya. Mzere wapamwambawo ife timautcha denga. Pa nyenyezi wamba denga limaonekeratu, mwana akhoza kulijambula. Koma pa zokhuta kabonizi maenje amachita kupanikizana, makamaka pamalo pamene timayezera naitirojeni, moti denga limasoweratu. Umangoliona kumanzere, n'kudzalionanso kutali kumanja, ndipo pakatipo uyenera kulumikiza wekha. Rula sithandiza, chifukwa dengalo mwachibadwa n'lopindikira pang'ono. Ukalikweza, maenje onse amazama, nyenyezi n'kuoneka ngati yakhuta naitirojeni. Ukalitsitsa, naitirojeni uja amathawa.

Ife a masiku ano timauza kompyuta kuti ijambule. Bambo ayi. Iwo amasindikiza mzerewo papepala lalitali, kuliyala pa tebulo, kusongola pensulo, kutsinzina diso lija, kenako dzanja limayenda kamodzi kokha kuchokera uku mpaka uko. Ndipo musawaseke. Kwa zaka zambiri dzanja limenelo linkaiposa kompyuta. Anthu a m'maiko akutali akagwira njakata ndi nyenyezi yovuta ankaitumiza kwa iwo, n'kumadikira ngati akudikira chigamulo cha khoti. Ine ndinakula ndikununkhiza zopala za pensulo mu ofesi imeneyo, ndipo n'chifukwa chake ndinalowa ntchitoyi m'malo mokhala loya monga ankafunira amayi, amene amati pakamwa pangapa panawonongekera ku nyenyezi.

Chaka chathachi bambo anayamba kupeza zodabwitsa. Nyenyezi ina inatuluka ndi naitirojeni wochuluka kuposa mmene buku lililonse lingalolere. Kenako inanso. Kenako inanso. Pasanathe miyezi ingapo anali ndi kagulu ndithu, ndipo anati ndi mtundu watsopano, ana a nyenyezi zoyambirira zimene zinkazungulira mothamanga n'kusakaniza za m'mimba mwawo. Munthu wotsala pang'ono kupuma pa ntchito uja anasanduka mnyamata. Ankakwera masitepe akuimba mluzu. Mkulu wa dipatimenti yathu, amene tonse timangowatcha Abwana, ankayenda chifuwa chili patsogolo ngati anapeza ndi iwo. Bambo anaitanidwanso kuti akalankhule ku msonkhano waukulu wa kunja.

Ine bambo anandipatsa ntchito yaing'ono, yoyeza zinthu zina zolemera m'nyenyezi zomwezo. Koma ine ndine mwana wa bambo anga, sindikhulupirira chimene sindinagwire ndekha. Tsiku lina ndinajambula denga langa pamalo a naitirojeni aja. Naitirojeni anatuluka wamba. Ndinauza kompyuta ijambule, yankho lomwelo. Ndinati mwina ndine ndapusa. Ndinatenga pepala lawo ndi langa, kuwasanjikiza, n'kuwagwiriza pagalasi la zenera kuti dzuwa liwale kumbuyo kwake. M'mbali monse mizere yathu inayendera limodzi. Koma pakati, denga la bambo linali ndi kalinunda. Ndinatenga nyenyezi yachiwiri, kalinunda komweko. Yachitatu, chimodzimodzi.

Ndinawapititsira mapepalawo. Anayang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kuseka.

"Mayi, iwe ukujambula denga ngati ukuopa kuti likugwera. Dzanja lako n'lamantha, limatsata kompyuta."

"Nanga bwanji kalinundako kali pamalo amodzimodzi pa nyenyezi zonse, Bambo?"

"Chifukwa zonsezo n'zamtundu umodzi! Kodi sukulu yonse ija ndinakulipirira inapita kuti?"

Ndinatuluka ndikung'ung'udza, koma mumtima ndinati mwina akunena zoona. Ine ndani kuti nditsutse Akalipentala?

Chimene chinanditsegula m'maso ndi kalipentala weniweni. Lamlungu lina ndinapita kukacheza kwa makolo anga, ndipo ndinapeza amayi akuseka okha m'khitchini, akupukuta makapu.

"Bambo akowa andichititsa manyazi sabata ino," anatero. "Ndinaitana mmisiri adzandikhomere mashelefu awa. Munthu wagwira ntchito yake bwinobwino, iwo akubwera, akutsinzina diso lawo lija, akuti shelefu yapindika pakati. Mmisiri akutulutsa levulo, kathovu kali pakatikati penipeni. Iwo akuti levuloyo ndi yakufa! Mwana wa eni ake anangolongedza zida zake, akuti, 'Amayi, ine ndakhoma mashelefu zaka zambiri, koma nyumba ya akalipentala awiri sindiitha.'"

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu ka mbale. Ine ndinayang'ana shelefuyo. Inali yowongoka ngati njanji. Ndinalowa pabalaza pamene bambo ankawerenga nyuzi, ndinawapempha kuti atsinzine diso ngati mmene amachitira ku ntchito, ayang'ane felemu ya chitseko.

Anayang'ana kanthawi. "Nayonso njokhota," anatero, n'kubwerera ku nyuzi yawo. "Nyumba za masiku ano amamanga mothamanga."

M'mawa mwake sindinapite ku ntchito, ndinapita ku chipatala cha maso. Ndinakhala pabenchi pakati pa anthu omatidwa thonje kumaso mpaka dzina langa linaitanidwa, ndipo nditalowa ndinati wodwala si ine. Adokotala ake anali mayi wamfupi wolankhula mofulumira. Nditafotokoza za shelefu ndi felemu, anasiya kulemba.

"Kumbuyo kwa diso kuli kamalo kakang'ono kamene kamaona pakati penipeni pa chimene mukuyang'ana," anandiuza. "Mwa anthu achikulire timitsempha ta pamenepo timatha kuyamba kuchucha. Madzi akalowa, kamaloko kamatukuka ngati pepala lonyowa, ndiye chowongoka chimaoneka chokhota. Maso onse akakhala otsegula, labwinolo limabisa mlandu wa linzake, munthu osadziwa kanthu."

"Ndiye mankhwala alipo?"

"Alipo, timabaya jakisoni m'diso momwemo, ndipo kuchuchako kumaima. Koma mubwere nawo sabata ino, osati mwezi wamawa. Pakapanga chipsera, palibe dokotala padziko pano amene angachichotse."

Pobwerera m'basi zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. Diso lawo linkaona mzere ukugwera pakati, ndiye dzanja, pofuna kuuwongola, linkaukweza. Mtundu watsopano wa nyenyezi uja sunali kumwamba. Unali m'madzi a kumbuyo kwa diso la bambo anga. Ndinalira m'basimo, mayi wina woyandikana naye mpaka anandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Ndinakalowa mu ofesi mwawo osagogoda. Ndinatseka chitseko, ndinakhala pampando wa ophunzira uja, n'kuwauza zonse mwaulemu umene ndinali nawo, umene si wambiri. Bambo si munthu wochedwa kumva. Ndisanafike pakati anali atadziwa kale kumene nkhani ikulowera, ndipo ndinaona nsagwada zawo zikulimba.

"Ndiye wabwera kudzandiuza kuti ndine wakhungu, kapena wabodza?"

"Ndabwera kudzakutengani tipite ku chipatala."

"Wakayenda m'zipatala kukanena za ine, ine mwini osadziwa?"

"Bambo, ndi jakisoni chabe. Mawa m'mawa tipite, masana mwabwerera pa tebulo panu."

"Ndikabwerera kudzatani? Ndikangolowa pakhomo la chipatala chimenecho, mawa lake dipatimenti yonse idziwa kuti diso la Akalipentala lafa. Ndani adzawerengenso pepala langa? Ndipita ukatha msonkhano."

"Msonkhanowo uli kutali miyezi! Adokotala akuti sabata ino!"

"Adokotala ako sanandionepo. Akuyeza diso langa kudzera pakamwa pako, ndipo pakamwa pako tonse timapadziwa."

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinanena mawu angapo amene mwana sayenera kunena kwa bambo ake, za makani a anthu okalamba, ndipo iwo anandilozera chitseko ndi pensulo.

Ndinathamangira kwa amayi. Iwo anayesa njira zawo, zonyengerera, zolira, zokana kulankhula. Anabwera nalo yankho lake: "Akuti mwana wako akufuna mpando wanga, sangadikire kuti ndipume." Mpando! Ine wofuna mpando wothyoka msana umene uja, umene amauchirikiza ndi mabuku? Zinandiwawa kufika m'mafupa. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere kwenikweni si mawuwo. N'chakuti tsiku lililonse ndikadutsa pakhomo pa ofesi yawo ndinkawaona atawerama, diso lamanzere lili chitsinzinire, akugwiritsa ntchito lomwe likuchuchalo, ndipo sabata ija adokotala ananena inali itadutsa kale.

Ndiye ndinaganiza nzeru, ndipo ndi nzeru imeneyo imene inandiphetsa. Ndinati munthu uyu sangamve za ine, sangamve za kompyuta, sangamve za dokotala. Amene angamumvere ndi mmodzi yekha: Akalipentala eni ake.

Pali nyenyezi ina yosauka imene bambo anaiyeza ine ndili wamng'ono, ndipo anaiyeza bwino kwambiri moti mpaka lero aliyense akafuna kuona ngati njira yake ili bwino amayamba wayesera pa imeneyo. Naitirojeni wake amadziwika, ndi wamba. Pepala lake loyambalo, la denga la pensulo ndi siginecha yawo, linali m'kabati ya dipatimenti. Ndinasindikiza nyenyezi imeneyo mwatsopano, ndinadula pamwamba pamene pamakhala nambala yake, n'kuilowetsa pakati pa zatsopano zimene zinkadikira pa tebulo lawo. Cholinga changa chinali chakuti akaijambula, ine ndibwere mwakachetechete ndi pepala lakale lija, tisanjikize pazenera tili awiriwiri, chitseko chotseka. Dzanja lawo lakale liwauze lokha.

Sindinaganize kuti aifikira msanga chotero. Tsiku limenelo m'mawa wonse ndinali kuyang'anira mayeso, ndipo nditatuluka ndinangolunjika ku chipinda chimene timakumana sabata iliyonse, aphunzitsi ndi ophunzira akuluakulu, kukambirana zimene aliyense wapeza. Ndinalowa mochedwa, kapu ya tiyi m'manja. Ndinapeza bambo ali chilili kutsogolo, nkhope ikuwala, pepala lawo likuonekera pakhoma lonse.

"Iyi ndaijambula m'mawa uno," ankatero. "Mwa zonse zimene ndapeza, iyi ndiye mfumu yake. Taonani kuya kwa maenjewa! Amene ankakayika, lero akagone tulo."

Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Pamwamba pa pepalalo panali podulidwa ndi sizasi yanga. Ndinafuna kukweza dzanja, ndinafuna kugwetsa kapu, ndinafuna moto ubuke m'nyumbamo, chilichonse. Koma Abwana anali atayamba kale kusuzumira pakhomapo, akukanda chibwano. Iwo amaphunzitsa ndi nyenyezi imeneyo chaka ndi chaka, amaidziwa ngati nkhope ya mkazi wawo.

"Akuluakulu, pepani," anatero pang'onopang'ono. "Kodi imeneyi si ija yanu yakale ija? Taonani maenje awiri a chitsulo ali kumanjawo. Ndi yomwe ija timapatsa ophunzira."

Wophunzira wina anatsegula kompyuta yake, n'kuitembenuza kuti anzake aone, kenako anaitsekanso msanga ngati yamuotcha. Bambo anayang'ana pakhoma nthawi yaitali, maso onse awiri ali otsegula. Anatsitsa maso pa pepala lawo, anagwira m'mphepete modulidwamo ndi chala.

"Pepala ili linafika bwanji pa tebulo langa?"

Anayang'ana mmodzimmodzi mpaka anafika pa ine.

"Ndinaliika ndine," ndinatero.

Ndikanangolekera pomwepo mwina zikanapola. Koma mantha ndi manyazi zikandigwira, ine zimatulukira pakamwa. Ndinaimirira, tiyi akutayikira pa siketi, ndinakuwa pamaso pa Abwana, pamaso pa ana amene bambo ankawaphunzitsa: "Diso lanu likudwala, Bambo! Nyenyezi zanu zonsezo kulibe! Mukufuna muchite khungu chifukwa cha naitirojeni?"

Bambo anapinda pepala lawo bwinobwino, kulowetsa pensulo m'thumba la malaya, n'kutuluka. Pakhomo anaima pang'ono kupepesa kwa Abwana chifukwa chowatayitsa nthawi.

Madzulo ake amayi anandiimbira foni. Sanandipatse n'moni womwe.

"Wawavula bambo ako pagulu."

"Amayi, sindinafune kuti zikhale choncho. Ndimafuna tikhale awiri."

"Msampha ndi msampha, kaya wautchera kuchipinda kaya pamsewu. Munthu wafika kuno sanadye, wangokhala pampando ndi jekete lake."

"Chabwino, ndalakwa. Andidane, anditukwane, koma apite ku chipatala!"

"Apita bwanji tsopano? Poyamba ankaopa kutaya nyenyezi zawo. Pano akapita ndiye kuti avomera kuti iwe unachita bwino kuwachita chipongwe. Iwe ndi bambo ako ndinu amodzi, mitu ngati miyala, ine ndatopa nanu."

Amayi ananena zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa. Ndinafuna kuwafupikitsira njira ya ku chipatala, m'malo mwake ndinaitseka ndi manja anga.

Masabata anayamba kudutsa. Ku msonkhano kuja bambo analemba okha kuti sapita, osapereka chifukwa. Ku ntchito ankabwera ndithu, m'mawa kwambiri, n'kudzikhomera mu ofesi. Tikakumana pamasitepe ankandipatsa moni wa anthu osadziwana, "Mwadzuka bwanji, adokotala," ngati si iwo anandiphunzitsa kumanga zingwe za nsapato. Ndinkamva makina osindikizira akulira m'kati mwawomo tsiku lonse. Ankajambulanso nyenyezi zonse zija, imodzi ndi imodzi, ndi diso lomwelo, kufuna kupeza ngakhale imodzi yoti iwaimire umboni. Ndinagogoda kangapo, osatsegula. Ndinalowetsa kakhadi ka chipatala pansi pa chitseko. Ndisanafike pakona kanali katabwerera m'khonde. Ndinapempha Abwana kuti awalamule, iwo anangokweza manja, akuti nkhani za m'banja salowerera. Ndinagwada pabalaza kwathu, ine amene sindigwadira munthu, kupepesa. Bambo anandiuza kuti ndidzuke ndingadetse zovala, n'kukweza wailesi.

Ndinaonda. Ophunzira anga ankandiopa chifukwa ndinkawakalipira pa zinthu zopanda pake. Ndikaona chinthu chowongoka, mzere wa pamsewu, m'mphepete mwa bolodi, mtima unkangoti myuu, kuganiza kuti iwo akuchiona bwanji lero. Adokotala aja ndinkachita kuwazemba, kuopa kudutsa msewu wa ku chipatala kwawo.

Panapita miyezi iwiri kapena kuposerapo. Tsiku lina m'mawa, ndikukonzekera kalasi, foni ya pa tebulo langa inalira.

"Tabwera kuno," anatero mawu a bambo, n'kudula.

Ndinapeza chitseko chili chotsegula. Mu ofesimo mapepala anali paliponse, pa tebulo, pamipando, pansi, ena atamatidwa pazenera. Iwo anali atakhala pampando wawo uja, manja ali pamaondo, pensulo palibe.

"Ima apo, pamene pali kuwalapo."

Ndinaima. Anakweza dzanja n'kuphimba diso lamanzere ndi chikhatho. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mutu osapendeketsa.

"Tsitsi ndikuliona," anatero. "Mapewa ndikuwaona. Koma nkhope yako palibe, mayi. Pali chinthu chotuwa ngati utsi."

"Zayamba liti?"

"Dzana ndinafuna kujambula, nsonga ya pensulo inasowa. Ndinati mwina n'kutopa." Anatsitsa dzanja lija. "Adokotala ako aja akadalipo?"

Sindinanene kuti ndinakuuzani. Ndinangotenga jekete lawo pachitseko n'kuwaveka.

Ku chipatala anawathira mankhwala m'maso, anawakhazika pa makina oika chibwano, anajambula kumbuyo kwa maso onse awiri. Kenako anatiitanira m'kachipinda ka adokotala aja. Mayiyo anandizindikira. Anayang'ana zithunzi pa kompyuta yake, anandiyang'ana ine, ndipo sanabise kukwiya kwake.

"Ndinakuuzani kuti chiyani, mayi inu?"

"Musamukalipire mwanayu," anatero bambo. "Anandiuza. Anandiuza mokweza ndithu."

Adokotala anapumira m'mwamba. Anati diso lamanja lapanga chipsera pakati, ndipo pamenepo sipadzaonanso; m'mbali muziona, moti kuyenda aziyenda, koma kuwerenga kapena kuzindikira nkhope ndi diso limenelo kwatha. Anati akanabwera nthawi ija, akanalipulumutsa. Kenako anati lamanzere nalonso layamba kuchucha pang'ono, ndipo limenelo alibaya lero lomwe, sakuwalola kutuluka pakhomo.

Ine ndinali nditagwira pakamwa. Bambo ankagwedeza mutu ngati akumvetsera wophunzira amene akuyankha bwino. Atatha adokotala, anawerama pang'ono.

"Adokotala, ndifunse. Pa zithunzi zanuzo, mungathe kudziwa kuti diso limeneli linayamba liti kukhotetsa zinthu? Mwezi wake, ngakhale chaka chake?"

"Zimenezo n'zovuta, bambo. Mwina chaka, mwina kuposa. Zimayamba pang'onopang'ono. Koma sizisintha kanthu pa mankhwala."

"Si za mankhwala ayi. Ndikufuna ndidziwe kuti ndiyambire nyenyezi iti kutaya."

Adokotala anandiyang'ana, osamvetsa. Ine mtima unandiphulika.

"Bambo! Akukuuzani kuti diso lapita, inu mukufunsa za nyenyezi?"

"Diso lapita kale, mayi, ndamva," anatero mofatsa. "Koma manambala anga akadali m'manja mwa anthu. Si za gulu latsopano zokha zija. Zaka ziwiri zapitazi anthu anditumizira nyenyezi zawo zambiri, ine n'kuwajambulira, iwo n'kukhulupirira. Kuli mtsikana wina kutali uko akulemba digiri yake pa denga langa. Sakudziwa kanthu."

Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti m'kati muja akufunafuna chowaimira umboni basi.

"Ukabwerera ku ofesi utenge mapepala onse," anapitiriza. "Uyambire lomaliza, uzibwerera m'mbuyo. Uzijambula denga lako, uzisanjikiza ndi langa, mpaka ukafike pamene dzanja lako ndi langa zikuyendera limodzi. Pamenepo ndi pamene ndinali ndikuona. Za kutsogolo kwake zonse tiwalembere eni ake, mmodzimmodzi. Ulembe ndiwe, ine ndisaina."

"Ndi dzanja langa lamantha lija?"

"Lomwelo."

Namwino anasuzumira pakhomo kunena kuti chipinda chobayira chakonzeka. Bambo anaimirira, anakonza kolala ya jekete, anayenda masitepe awiri n'kuima. Mankhwala aja anali atawachititsa chidima, moti anatambasula dzanja kumbali kumene ine kunalibe.

"Uli kuti, mayi?"

"Ndili pano, Bambo."

"Ulowe nane. Singano ya m'diso ine ndikuiopa."